Ma rivyu a LEGO apa YouTube aja nkuwakhulupirira? Asisi akubwera Disembala nde ndisankhe chani

Bambo_a_mapasa_25

Moni nonse. Ndikudziwa ena mundiseka kuti bambo wamkulu ndevu zake akufunsa za zidole koma olo museke bola mundithandize kkkk, paja safunsa anadya phula.

Nkhani ili chonchi. Asisi anga amakhala ku Leeds nde akubwera Disembala, andiuza kuti ndisankhe zinthu za LEGO, zidole zija zomanga ndi tinjerwa ta pulasitiki, zosapyola mapaundi 80 adzawatengere ana, ndili ndi mapasa aamuna azaka 8. Chilungamo chake theka la mphatsoyo ndi langa, anawa ndi pobisalira chabe. Matendawa anandiyamba chaka chatha nditapeza kajumbo ka zidole zosakaniza pa kaunjika ku Tsoka, ndinangogula kuti ana asiye kundivutitsa foni, kufika kunyumba kutsuka bwinobwino ndikuona pa kabatani kalikonse ka pamwamba pa tinjerwato palembedwa LEGO timalemba tating'ono kwambiri. Munalinso tianthu titatu, kamodzi kopanda mutu. Usiku umenewo ana anagona ine ndinatsala pa tebulo kumanga minibasi mpaka 1 koloko, madamu kungondiyang'ana nkupukusa mutu.

Nde kuyambira mmene asisi ananenera ndamaliza mabando osawerengeka kuonera ma rivyu pa YouTube kuti ndisankhe bwino, koma mutu wangobalalika. Seti iliyonse akuti ndi yabwino zedi. Ya Star Wars yabwino, ya City yabwino, ya Ninjago yabwino, nkhope ya munthuyo pa chithunzi cha vidiyo pakamwa yasa ngati waona mzukwa. Dzana ndi pamene ndinatsegula mau amene amalemba mmunsi mwa vidiyo aja, ndikupeza alemba kuti setiyi anachita kuwatumizira a kampani mwaulere koma maganizo onse ndi awo. Kuyang'ana vidiyo ina, mau omwewo. Ina, omwewonso. Apa nde ndinakhala kaye pansi. Munthu woti wapatsidwa nkhuku yaulere angaime pagulu nkunena kuti ndi yowonda? Ine ndakaika.

Mafunso anga ndi awa, anthu amenewa tiziwamvera kapena ndi otsatsa malonda basi? Chachiwiri kwa ana azaka 8 mtundu wabwino ndi uti pa mitundu yonseyi, chifukwa mapasawa akufuna Star Wars koma ine ndikuona ngati bokosi lake ndi lalikulu zamkati zochepa. Komanso tianthu tija amagulitsa kamodzikamodzi mu tibokosi tosaoneka mkati, ma minifigure, ndi tofunikadi kapena ndi njuga yongovekedwa suti? Mwai wotere subwera kawiri pa chaka, ndi mmene dola ikusowera muno sindingaitanitse ndekha, nde sindikufuna kulakwitsa.

Njerwa_Jozi

Achimwene musachite manyazi, kuno ku Jozi mukapita Loweruka ku shopu ya LEGO ya ku Sandton City, imene inatsegulidwa 2018, theka la anthu ali pa mzere ndi azibambo a imvi opanda mwana aliyense pambali.

Za ma rivyu ndikuuzeni mmene zimayendera. Kampaniyi ili ndi dongosolo lake lotchedwa LEGO Ambassador Network, mmenemo muli magulu a mafani komanso ma webusaiti ndi ma chanelo amene anavomerezedwa, awowo amawatcha Recognized LEGO Fan Media. Amenewa ndi amene amalandira maseti asanafike mmashopu, nkuwapatsa tsiku loti asaonetse lisanakwane, nchifukwa chake mumaona mavidiyo khumi a seti imodzi atuluka ola limodzi ngati anapangana. Chachikulu chimene amapeza ndi setiyo komanso kukhala oyamba, ndipo pa YouTube kukhala woyamba ndi ndalama kale chifukwa mavyuzi onse amathamangira kwa iwe. Kuonjezera apo ambiri amaika malinki mmunsi oti mukagula kudzera pamenepo iwo amadyapo kakomishoni. Nde inu ganizani, munthu amapindula mukagula, sapindula mukapanda kugula. Mbuzi imadya pamene aimangirira.

Koma ine sindinena kuti amanama. Akati mapisi alipo 500 alipodi 500, akati chitseko chimatseguka chimatsegukadi. Chimene mulibe mu rivyu yawo ndi ululu wa mthumba. Munthu amene sanatulutse ndalama amatchula mtengo ngati akuwerenga nambala ya basi, amangoti ndi yodulirapo pang'ono koma ndi yokongola, nkupitiriza. Pamene kwa inu ndi ine mtengowo ndiye rivyu yeniyeniyo, zina zonse ndi zokometsera. Chinanso anthuwa amamanga maseti ambirimbiri pa mwezi, akajambula amaika pa shelefu basi, sadziwa kuti ndegeyo imakhala bwanji mapasa awiri akailimbirana miyezi itatu pa simenti.

Ine mmene ndimachitira, vidiyo yoyambayo ndimaonera nditatsitsa voliyumu, ndimangoyang'ana kukula kwa chinthucho mmanja mwake, osati pa bokosi chifukwa chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndimayang'ananso pepala la masitika, ngati ali ambiri ndimadziwa kuti kukongola konseko ndi komata ndipo mwana akamata mokhota basi zatha. Kenako ndimatenga mtengo kugawa ndi nambala ya mapisi, mafani akalekale amati masenti 10 a dola ya America pa pisi imodzi ndiye poyambira, ngakhale muyesowu umanamiza nthawi zina poti seti ina mapisi ake ndi timadontho tokhatokha. Ndikatero ndimadikira mwezi umodzi kuti amene agula ndi ndalama zawo ayambe kulankhula, pa webusaiti ya mafani ya Brickset anthu wamba amalemba maganizo awo pansi pa seti iliyonse, pa Reddit nde amachita kukalipa. Komanso mabuku a malangizo omangira aja amaikidwa ulere pa webusaiti ya LEGO, mutha kutsitsa PDF nkuona nokha tsamba ndi tsamba chimene mukugula, bando yake ndi yochepa kuposa vidiyo ya mphindi 25.

Ku Germany kuli mkulu wina wotchuka amadziwika kuti Held der Steine, ali ndi shopu yake ku Frankfurt, mu 2019 maloya a LEGO anamulembera kalata pa nkhani ya logo yake, kuchokera pamenepo amawadzudzula mosanyengerera ndipo anthu amamukonda chifukwa chomwecho. Koma nayenso muzikumbukira kuti kukalipa kumabweretsa mavyuzi ngati mmene kuyamikira kumabweretsera maseti, aliyense ali ndi pamene anamangiriridwa.

Mayi_wa_ku_Leicester

Bambo a mapasa, ine ndiyankhe za tianthuto poti ndi kumene ndalama zanga zinathera kkkk. Ndili ndi mtsikana wazaka 10 amene amatolera, ine ndinangolowamo pomuperekeza pano ndine ndimamukumbutsa kuti gulu latsopano latuluka.

Anayamba kugulitsa mu 2010, nthawi imeneyo gulu lililonse linkakhala ndi tianthu 16, pano anachepetsa timakhala 12. Kale tinkabwera mu tijumbo ta pulasitiki tonyezimira nde anthu ankaima mu shopu mphindi 30 kufinyafinya kajumbo kalikonse kuti amve ngati muli chipewa kapena lupanga, munthu wamkulu maso ali kudenga zala zili kalikiliki ngati akusankha mapeyala pa msika. Mu Seputembala 2023 anasintha nkuyamba kuika mu tibokosi ta katoni, akuti pofuna kuchepetsa pulasitiki, gulu loyamba linali la Marvel lachiwiri. Eee anthu analusa, ndipo mmashopu ena unkapeza tibokosi tong'ambidwa pa shelefu anthu atasuzumira mkati nkusiya. Apo nde inali njuga yeniyeni ngati mmene mwanenera. Koma kuyambira 2024 pansi pa kabokosi pamakhala kakodi ka makona anayi koti ukasikana ndi foni pa apu imene mafani anapanga imakuuza amene ali mkati, kupatula tibokosi tina toyambirira ta gulu la Series 25 tomwe kodi yake inali yaing'ono yosathandiza. Nde auzeni asisi anu atsitse apuyo asanapite, asangotola. Kuno ine ndakhala ndikugula pa £3.49 kamodzi.

Koma langizo langa, kwa ana azaka 8 amene alibe njerwa zambiri musathere ndalama pamenepa. Kamunthu kopanda nyumba kopanda galimoto mwana amakasewera mphindi khumi kenako chipewa chasowa, mawa mutu uli pansi pa sofa. Gulani tiwiri basi aliyense kake, ndipo poti ndi mapasa onetsetsani kuti tonse ndi tofanana ulemerero, wina akapeza msilikali wa lupanga mnzake nkupeza munthu wovala ngati chipatso mudzaweruza mlandu mpaka Januwale.

Za kutolera kuti mudzagulitse mtsogolo iwalani. Aliyense amakamba za Mr. Gold wa 2013 amene anapangidwa 5,000 okha dziko lonse ndipo pano amagulidwa ndalama zoopsa, koma ameneyo ndi mmodzi, tambiri timangokwera pang'ono, nanga ku Lilongwe mudzamugulitsa ndani.

Pa za ma rivyu, kuno lamulo lilipo, a ASA amene amayang'anira zotsatsa malonda amafuna kuti munthu aziulula poyera ngati pali ubale ndi kampani, ku America a FTC nawonso chimodzimodzi olo chinthucho ungopatsidwa ulere. Nde mau amene munawaona mmunsi aja sikuti ndi ubwino wa mtima wawo ayi, amayenera kutero. Amene ndimamuopa ine ndi uja sanalembe chilichonse koma sabata iliyonse ali ndi seti ya mapaundi 400 isanatuluke.

Chomaliza chofunika kwambiri, asisiwo asagule pano. Adikire kumapeto kwa Novembala nthawi ya Black Friday, ku Smyths, Argos ndi Amazon mitengo ya maseti ambiri imatsika, mapaundi 80 omwewo atha kugula zochulukirapo. Ndipo polongedza atulutse timajumbo ta mkati ndi buku lake, bokosi aliphwasule aligoneke pansi pa sutikesi kapena alisiye, theka la bokosi ndi mpweya ndipo malo mu chikwama cha 23 kg inu mukudziwa mmene achibale amalimbiranira.

Kabaza_Boss

Koma abale mapaundi 80 pa pulasitiki?? Ife tinakula ndi galimoto zawaya, matayala a zitsekerero za mabotolo, siteringi yaitali mpaka pa mchombo, ng'ombe zadothi kudambo, palibe anatipangira rivyu koma zinkayenda bhobho. Auzeni asisiwo atumize ndalamayo mugule feteleza bwana, anawo apatseni waya ndi pulayala kkkkk

Bambo_a_mapasa_25

@Kabaza_Boss aise galimoto yawaya ndinapanga nawo, yanga inali ndi ma shoko a labala ya chubu mudzi wonse unkaidziwa. Feteleza ndagula kale usade nkhawa. Ndipo ukaonetsetsa ndi mtima womwewo, kungoti waya sankabwera ndi buku.

@Njerwa_Jozi zoti mtengo ndiye rivyu mwandilasa pamtima. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 ine chilichonse cha kunja ndimachiwerengera mu matumba a chimanga, nde munthu akamati yodulirapo pang'ono ine ndimamva kutentha. Ndayesa kugawa kuja pa maseti awiri a Star Wars amene ana amaloza, zoona pisi imodzi ikudula kuposa ya mtundu wina wa LEGO wotchedwa Creator.

@Mayi_wa_ku_Leicester zikomo kwambiri mayi, za Black Friday ndawatumizira kale pa WhatsApp. Koma za mtundu palibe wandiyankha bwinobwino, ndiwakanize Star Wars anawa?

Madala_wa_Classic

Mwana wanga, ndilowepo pa za mitundu poti ine zinthuzi ndinazigwira koyamba cha mma 80, bambo anga atabwera nako kaseti kakang'ono ka Space kuchokera ku sukulu ku Britain, kamunthu kofiira kachipewa ka mumlengalenga kakumwetulira. Ndikadali nako, chizindikiro cha pachifuwa chinafufutika koma miyendo ikugwirabe.

Anthu ambiri sadziwa kuti kwa zaka zambiri kampaniyi inkapanga nkhani zakezake. Inayamba 1932 ku Billund ku Denmark ndi kalipentala Ole Kirk Christiansen akupanga zidole zamatabwa, njerwa imene tikuidziwayi anailembetsa 1958, kamunthu kanabwera 1978 pamodzi ndi Castle ndi Space, Pirates 1989. Tianthu tinali tachikasu, tambiri topanda dzina, mwana ankasankha yekha kuti uyu ndi mfumu uyu ndi wakuba. Star Wars inalowa 1999, Harry Potter 2001, ndipo cha mma 2003 ndi 2004 kampani inatsala pang'ono kugwa ndi ngongole, zimene zinaigwiriziza nthawi imeneyo ndi mitundu monga Bionicle ndi Star Wars yomweyo. Nde ine olo ndimadandaula sindingaitukwane, popanda iyo mwina bwenzi tikukamba za kampani yakufa.

Koma vuto la mitundu yobwereka ku makanema ndi ili, pa mtengo paja pali gawo la eni kanema, ndipo chimene chikugulitsidwa kwenikweni ndi tianthu, ndegeyo ndi yoperekeza. Mukufuna umboni? Mu 2023 anatulutsa chombo chachikulu cha Star Wars chotchedwa Venator cha madola 650 muli kamunthu ka Captain Rex amene anthu ankamulira zaka zambiri, ena anagula chombo chonsecho chifukwa cha kamunthu kamodzi, ena ankakagula pa msika wa pa intaneti wa BrickLink pa mtengo wa misala. Chaka chotsatira 2024 kamunthu komweko anakaika mu kaseti kakang'ono ka madola 13. Amene anagula kuti adzagulitse analira, ana ndi makolo anavina. Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndipo BrickLink yomweyo, msika waukulu wa zogulitsana mafani okhaokha, LEGO inaigula mu 2019, nde akuona bwinobwino kamunthu kati kakutentha.

Komanso njerwa za Star Wars ndi zotuwa, zotuwa, zotuwanso. Mwana akaphwasula ndegeyo, ndipo adzaphwasula, atsala ndi mulu wa phulusa ndi mapisi a mapiko oti sangamangire nyumba.

Pa mitundu yawoyawo ya masiku ano Ninjago ndiye inapirira, inayamba 2011 ndipo ankafuna kuithetsa patangopita zaka zochepa koma ana anakana mpaka inabwerera, pano yadutsa zaka khumi. Ina yonse imabwera ndi ng'oma nkuzimirira, Chima 2013 mpaka 2015, Nexo Knights 2016 mpaka 2018, Hidden Side ija yofuna foni zaka ziwiri zokha, mtundu wotchedwa Vidiyo wa 2021 nde sunachedwe nkomwe. Pitani mukaone ma rivyu oyambirira a mitundu imeneyi ngati alipobe, muone ngati chisangalalo cha tsiku loyamba chimalosera kalikonse. Chilichonse chofuna apu ya pa foni ine ndimati ayi, apu ikadzasiya kugwira mwatsala ndi theka la chidole, komanso inu mukufuna ana achoke pa foni osati abwererepo.

Ife akuluakulu anatipeza pofooka pathu, amatigulitsa ubwana wathu womwe, Lion Knights' Castle ya 2022 mapisi 4,514 madola 400, ndinaiyang'ana pa sikirini ngati mmene munthu amayang'anira galimoto ya abwana. Sindinagule. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Nde yankho langa, tengani bokosi la Classic lija lachikasu lalikulu nambala 10698, muli mapisi 790 amitundumitundu, mawindo, zitseko, matayala, ndi bolodi yobiriwira yomangapo. Onjezerani Creator 3-in-1 imodzi, seti imodzi imamangika zinthu zitatu zosiyana nde mwana amaphunzira kuti kuphwasula si kuononga. Maseti amenewa simudzawaona akutchuka pa YouTube chifukwa palibe chojambula, palibe wotsegula pakamwa pa chithunzi chifukwa cha njerwa wamba, koma ndi amene adzakhale akuseweredwabe 2030.

CloneTrooper265

Madala ulemu wanu koma apa nde mwaonjeza, mukufuna ana alandire mphatso ya Khirisimasi ngati phunziro la Expressive Arts kkkk. Mwana akafuna Star Wars akufuna Star Wars, mukamupatsa bokosi la njerwa wamba adzathokoza ndi pakamwa mtima uli kwina. Ine ndikuti mugule ka battle pack kamodzi, timaseti tating'ono tija timakhala ndi asilikali anayi, mapasa agawana awiriawiri nkhondo yayambika, kenako linga lawo amangira njerwa za madala zija. Zonse zikwana mu 80 ngati agula pa sale. Ndipo musaiwale kuti mafani akafuula kampani imamva nthawi zina, seti ya asilikali a Star Wars otchedwa 501st ya 2020 inatuluka anthu atachita kampeni pa intaneti kwa nthawi yaitali, nde si onse a pa YouTube amene amangowomba mmanja.

Amfumu_a_Limbe

Palibe watchula njovu ili pakhomo, bwanji osangogula zinazi zotchipa? Ndikudziwa ena mukwiya koma tiyeni tikambe chilungamo poti ambiri muno LEGO yeniyeni sitingaikwanitse.

Pali mitundu iwiri ndipo anthu amaisakaniza. Pali makampani ngati Cobi ya ku Poland, Mega imene pano ili mmanja mwa Mattel, CaDA ya ku China, amenewa amapanga madizaini awoawo ndi njerwa zolumikizana ndi za LEGO, ndipo si kuba chifukwa ma patent a njerwa anatha kalekale, mu 2010 khoti lalikulu la European Union linagamula kuti maonekedwe a njerwayo sangakhale chizindikiro cha kampani imodzi. Kenako pali akuba enieni ngati Lepin amene ankakopera seti yonse ndi bokosi lomwe, awowo apolisi aku China anawagwira 2019 ndipo akuluakulu ake anamangidwa.

Zimene zimapezeka mmashopu ambiri kuno zopanda dzina lodziwika nde ndi lotale. Ine ndinagulira mwana wa mchemwali wanga ka polisi siteshoni pa shopu ina mtauni muno, pa bokosi chithunzi chokongola, kutsegula fungo la pulasitiki ngati wawotcha jumbo, njerwa zina zothina mpaka kuchotsa ndi mano zina zolobodoka ukangoyetsemula denga lagwa, wapolisi wake nkhope inadindidwa chammbali diso limodzi lili pa khutu, mkono unathyoka tsiku lomwelo. Pamene ndinagulako ka galimoto ka kampani ina yodziwikirapo kudzera kwa mnzanga wa ku Jozi kanali bwino kwambiri moti ukasakaniza ndi orijino sungasiyanitse msanga. Nde si zonse zoipa si zonse zabwino.

Koma pa nkhani yanu ya ma rivyu chenjerani kawiri, makampani enawa nawonso amatumiza maseti aulere kwa a YouTube, ndi makodi a discount omwe, nde ukaona munthu akuti iyi yaposa LEGO pa theka la mtengo yang'anani mmunsi muone ngati palibe linki yake. Matenda ndi amodzi mbali zonse.

Ndipo inu okonda kaunjika, tianthu tafeki tadzaza. Orijino mukachotsa mutu pamwamba pa khosi pamakhala palembedwa LEGO, mukachotsa miyendo pakati pa timabatani tiwiri ta mchiuno palinso dzinalo. Wogulitsa akakana kuti muchotse mutu dziwani kuti pali nkhani.

Chemwali_wa_TikTok

Ndilankhuleko ngati munthu amene ndinalandirapo katundu waulere, osati zidole ayi, ine ndimapanga timavidiyo ta mafuta odzola ndi za tsitsi, otsatira anga si ambiri koma kampani ina yaing'ono inanditumizirapo zinthu kawiri. Palibe anandiuza kuti unene zabwino zokhazokha, olo pepala losaina panalibe. Koma mmene umakhala kutsogolo kwa kamera chinthu chili mmanja umakumbuka mau okoma a mtsikana amene anakutumizira uja, umakumbukanso kuti ukanyoza phukusi lachitatu silibwera, nde mau oti izi sizinandisangalatse amasanduka mwina ena zitha kuwayanja. Sunaname koma wathira madzi. Ndinadzimvera ndekha poedita ndinachita manyazi.

Nde mukamaonera a LEGO aja mvetserani timau tofewetsa timeneto, akati si ya aliyense, kapena ndikanakonda ikanatsikako mtengo, kapena dikirani sale, kumasulira kwake ndi koti musagule. Alipo ndithu ena olandira maseti amene amanena mosabisa kuti iyi mtengo wake ndi wopanda nzeru, ndawaonapo, njira yowadziwira ndi kubwerera mmbuyo pa chanelo chawo muone ngati pa mavidiyo 20 pali olo imodzi imene anakana seti. Ngati palibe, ameneyo ndi katalogi yolankhula, muzimuonera kuti muone katundu basi ngati mmene mumaonera pa windo la shopu.

Bambo_a_mapasa_25

Abale mwandithandiza kuposa mabando onse ndinaononga aja. Ndayesa njira ya achemwali pa chanelo chimene ndimachikonda kwambiri, ndabwerera mavidiyo 30 osapeza ndi imodzi yomwe imene anati ayi, koma dikirani sale ndaimva kasanu ndi kawiri kkkk.

Ndawalembera asisi chonchi, bokosi la Classic la madala, ka battle pack kamodzi kuti CloneTrooper asandidandaule, tianthu tiwiri tochita kusikana, ndipo chenji ikatsala ka Creator kakang'ono. Ka Captain Rex ka madola 13 kaja ndawauza pambali kuti akakapeza akaike mu thumba la jekete lawo asaonetse ana, ndidzabweza ndekha ndi ufa ndi chambo chouma popita.

Funso lina laling'ono, njerwa za ku Tsoka zija zina zoyera zinasanduka zachikasu komanso zili ndi litsiro mkati, ndingaziviike mmadzi otentha ndi sopo waufa ndisanazisakanize ndi zatsopanozi?

Madala_wa_Classic

Otentha ayi mwana wanga zipindika, ofunda chabe osapyola madigiri 40, sopo wotsukira mbale pang'ono ndi mswachi wakale, muyanike pa thaulo mumthunzi osati padzuwa poti dzuwa lomwelo ndi limene linazisandutsa zachikasu. Chikasucho sopo sachotsa, zimenezo muziika mkati mwa khoma mosaoneka. Ndipo gulani beseni la chivindikiro lotolera madzulo aliwonse, mapisi 790 pa simenti magetsi atazima inu muli osavala nsapato, mudzaitana mayina a makolo anu onse.